Anati Ndi Tsempho

Ku Joni tinapita awiri, ine ndi amuna anga, ndipo anthu akwathu kuno ku Mbombwe anatiseka. Ankati mwamuna wotenga mkazi paulendo wotere sadzatumiza kanthu kumudzi, poti womutumizira ali naye pomwepo. Ife tinangoseka nawo. Mwana wathu Tadala, yemwe nthawi imeneyo anali asanayambe sukulu, tinamusiya ndi amayi anga, n'kukwera basi ndi kachikwama kamodzi ndi jumbo ya mtedza wokazinga. Masiku atatu tili m'njira, mapazi atatupa, pachipata chilichonse mtima uli m'mwamba. Amuna anga anali mkamwini pakwathu, kwawo ndi ku Ndunde, ndipo ulendo wonsewo ankangokamba za nyumba ya malata imene tidzamange kuti abale anga asiye kuwayang'ana ngati munthu wodzadya.

Tinafikira mumkhukhu, kanyumba ka malata okhaokha, makoma ndi denga lomwe. Kukatentha unkapsa, kukazizira unkafunda mpaka makatoni. Pakhomo loyandikana ndi lathu pankakhala Esinati wa ku Thyolo, mkazi wa pakamwa pakuthwa koma mtima wabwino, amene anandiphunzitsa kukwera takisi osatsegula pakamwa kuti asandizindikire kuti ndine mlendo. Anthu akumeneko zinthu zikawavuta, mkwiyo wawo umathera pa ife. Kawiri konse tinathawa ndi zovala za m'thupi zokha, n'kudzapeza chitseko chitathyoledwa. Walira mvula walira matope, Esinati ankatero, akutola mapoto ake pabwalo.

Amuna anga anapeza ntchito pamalo odulira miyala ya ziliza. Tsiku lonse ankadula ndi kusalaza miyala yakuda ndi makina olira ngati chigayo, m'shedi yopanda mawindo. Pobwera ankakhala atayera kuyambira kutsitsi mpaka kunsapato, ine n'kumawatcha mzungu wanga. Kuseka kumeneko ndimakukumbukira ndipo kumandiwawa. Zotseka pamphuno zinalipo, koma zinkatuluka mukabati tsiku limene kukubwera oyendera, akachoka n'kubwereranso mukabati momwemo. Mnzawo wina wa ku Mozambique, dzina lake Zhuwawo, anayesa kumathira madzi pamwala kuti fumbi lichepe, abwana anati zikuchedwetsa ntchito. Choncho ankangomanga kansalu kumaso, n'kumaseka okhaokha kuti akufa a dziko lino amagona pabwino kuposa amoyo akwathu.

Ine ntchito anandipezera ndi Esinati yemweyo, yosamalira adona ena okalamba amene mapapo awo anatha ndi fodya. Ankakhala ndi kachubu pamphuno kochokera ku makina a mpweya. Ana awo anabweretsa nesi kuti andiphunzitse, ndipo ine amene sukulu ndinalekera sitandade seveni ndinagwira zonse. Munthu wa mapapo otere sagona chagada, umamutsamiritsa pamapilo atatu. Akabanika suthamangathamanga, umamuweramitsa patebulo, n'kumuuza akokere mpweya m'mphuno, autulutsire pakamwa pang'onopang'ono ngati akuuzira phala lotentha. M'mawa ndi masana umapinda dzanja ngati ukutunga madzi, n'kumamenya pamsana kuti makhololo atakasuke. Utsi wa mtundu uliwonse ndi mdani, ngakhale wa anyezi wokazinga. Ndipo tsiku lililonse umayang'ana zinthu ziwiri, milomo ndi mapazi. Milomo ikada, mapazi akatupa, usadikire mawa.

Adona aja sanali munthu wophweka. Anali ndi kabelu, ndipo ankakaliza ngakhale nditaima pambali pawo. Dzina langa ankati ndi lovuta, anandipatsa la wantchito amene analipo ine ndisanabwere. Koma akabanika ankagwira dzanja langa mpaka zikhadabo kulowa m'mnofu, maso ali pa ine. Ndinkagona kukachipinda ka kuseri kwa nyumba yawo, kumkhukhu ndinkapita Lamlungu lokha.

Lamlungu ndi limene linali lathu. Ovolosi ya amuna anga ndinkaichapa katatu, madzi n'kumayerabe ngati otsukira mphale. Masana ankabwera anzawo a kushedi, ndipo aliyense amene walandira kaphukusi kochokera kumudzi, kaya ndi matemba, kaya ndi nandolo, tinkadya tonse titakhala pazidebe. Amuna aja ankatsokomola mosinthana, wina akasiya wina n'kuyamba, onse n'kumanamizira kuzizira kwa dzikolo. Woyamba kupita anali Zhuwawo. Bokosi lake linakwera ngolo ya kumbuyo kwa basi limodzi ndi mafiriji a anthu, ndipo tinamva kuti kwawo anangomuunjikira dothi, munthu amene anasalaza ziliza zosawerengeka. Ife ndalama tinkatumizabe, nyumba ya malata inakwera, Tadala anavala yunifolomu. Anthu otiseka aja anayamba kutipatsa moni pafoni.

Chifuwa cha amuna anga chinayamba ngati chifuwa china chilichonse. Kuchipatala anati ndi chachikulu, anamwa mankhwala miyezi isanu ndi umodzi. Chinabwereranso, anamwanso. Kachitatu dokotala anatiitana tonse awiri, n'kuika chithunzi cha pachifuwa pagalasi lowala. Anati fumbi la miyala lija linalowa m'mapapo n'kuumiramo, ndipo palibe mankhwala olichotsa, chimene chilipo n'kusamala mpweya umene watsala. Abwana awo atamva anawapatsa envulopu yopyapyala ndi kuwagwira chanza. Lolemba lake pamakina paja panali pataima kale munthu wina wa ku Mangochi.

Tinagwirizana kuti iwo abwerere kumudzi, ine nditsale ndizigwira ntchito, poti mankhwala ndi chakudya sizimera pakhonde. Anakafikira m'nyumba yathu ya malata ija, amayi anga n'kumawayang'anira, ine n'kumalangiza pafoni: atsamire, mawindo akhale otsegula, moto muzisonkhera kutali. Manja anga ankasamalira mayi wa eni ake, chifuwa cha mwamuna wanga ndikuchimvera pafoni. Zaka zitatu zinatha choncho. Chaka chomaliza adona anandilola kupita kumudzi masabata awiri a Khirisimasi. Ndinapha nkhuku, ndinaphika ndekha, ndinathira mchere ndekha monga mkazi aliyense m'nyumba mwake, tinadyera mbale imodzi. Sindinadziwe kuti mchere umenewo pali anthu akuusunga mumtima.

Nditabwerera ku Joni, patapita miyezi ingapo mapazi awo anayamba kutupa, kenako nkhope. Amayi asanapeze n'komwe galimoto yopita kuchipatala, anafika alamu anga a Fanesi, mlongo wamkulu wa amuna anga, ndi anthu awiri a kabaza. Anati mkamwini akadwalika amakadwalira kwawo, iye si mwana wamasiye. Anapita nawo ku Ndunde. Kuyambira pamenepo ndikaimba foni ankayankha ndi alamu, yankho lake limodzimodzi: akugona.

Adona anamwalira m'nyengo yozizira, dzanja lawo lili m'dzanja langa, ana awo akadali m'njira. Anawo atafika n'kundifunsa chimene ndikufuna kutenga m'nyumbamo, ndinati mapilo atatu aja. Anayang'anana, mwina anaganiza kuti mutu wanga sukuyenda bwino. Esinati anandiperekeza kubasi, akunditukwana njira yonse kuti anzanga amapempha firiji. Basi itayamba kuyenda ndinamuona akupukuta m'maso ndi duku.

Ku Ndunde ndinafika masana, chiperoni chikuwaza, mapilo nditamanga m'chitenje pamutu. Ndisanafike pakhonde ndinamva chifuwa chawo, ndipo khutu langa linandiuza kuti munthuyo wagona chagada. Windo la chipindacho linali lotseka ndi thumba la feteleza, utsi wa makala ukutulukira pansi pa chitseko. Alamu anatuluka n'kuima pakhomo, manja ali m'chiuno.

"Mwafika, alamu. Imani pompo, ndikutengereni mpando."

"Mpando ndikhala kenako. Ndiyambe ndawaona abambo a Tadala."

"Iyayi, muno simulowa."

"Mwaika mbaula m'chipinda cha munthu wobanika?"

"Nanga ndi kuzizira kumeneku afe ndi mphepo? Achimwene ndi athu, kuwasamala tikudziwa. Inu zanu munachita kale."

"Ndinachita chani?"

"Mukufuna ndichite kutchula pabwalo pano? Munthu anali bwinobwino, akuyenda yekha. Mwabwera inu ndi za ku Joni zanuzo, mwamuthirira mchere, mwachoka, munthu watupa. Ife si ana. Limeneli ndi tsempho."

Tsempho aliyense kwathu kuno amalidziwa, ngakhale amene amati anasiya zachikunja. Amati mkazi akayenda ndi mwamuna wina, n'kubwera kudzathira mchere m'ndiwo za mwamuna wake, mwamunayo amatsokomola, amawonda, amatupa mapazi, ndipo sachira mpaka wolakwayo aulule ndi pakamwa pake, apangidwe mankhwala. Asanaulule sayenera kumukhudza wodwalayo, ati amamuwonjezera matenda. Alamu anga omwewo amaimba kwaya Lamlungu lililonse, mawu awo amamveka mpaka kumsewu.

Ndinalira, ndinakuwa, ndinalumbira. Ku Joni ine ndinalibe ngakhale nthawi yoluka tsitsi, mwamuna ndikanamuika pati, kunsi kwa bedi la adona? Palibe anandimva. Tsiku lililonse ndinkakwera kabaza kuchokera kwathu, n'kukakhala pansi pa mtengo wa mapeyala moyang'anizana ndi windo lija, kumvera chifuwa. Ndinkadziwa pamene awatembenuza, ndinkadziwa pamene awonjezera makala. Phala limene ndinkabwera nalo ankalibweza lisanavundukulidwe. Mapilo anawakana, ati anaferapo mzungu.

Ndinapita kwa akulu a mpingo wathu waung'ono. Anandilandira bwino, anati mpingo sukhulupirira za tsempho, koma nkhani ya m'banja ndi ya ankhoswe, tiyeni tipemphere. Ndinapita kwa amalume a amuna anga, omwe ndi ankhoswe athu a kuchimuna, nditanyamula chithunzi cha ku Joni chija. Anachikweza padzuwa chozondoka, n'kuchiyang'ana nthawi yaitali.

"Chithunzichi chikunena zoona, chifuwa chawonongeka," anatero. "Koma sichikutchula amene wachiwononga."

"Ndi fumbi la miyala, amalume. Adokotala ananena."

"Fumbi? Ine ndakhala ndikulima m'fumbi chibadwire, mapazi anga ndi awa. Mayi, musatalikitse nkhani. Mawu ake ndi ochepa, munthu n'kudzuka."

Tsiku lachisanu ndi chinayi alamu anatsegula chitseko kuti atulutse beseni, ndipo ndinawaona amuna anga. Anali pamphasa, chagada, atafunditsidwa mabulangete awiri mpaka m'khosi, kukamwa kuli yasa. Milomo yawo inali yakuda ngati nthudza zakupsa. Ine milomo yotere ndinaionapo, ndipo ndinadziwa kuti masiku otsala sakwana zala za dzanja limodzi. Ndinaganiza zothamangira m'nyumbamo, koma pamudzi pa eni ake, amuna anayi ali pabwalo, akanangondikokera kunja.

Nditafika kwathu ndinawauza amayi kuti ndaganiza zokaulula. Anasiya kupeta nyemba n'kundiyang'ana.

"Unachitadi?"

"Inunso, amayi?"

"Ndangofunsa, mwanawe. Ngati sunachite, usanene. Madzi akatayika saoleka. Mwamuna uja adzapita tsiku lake likakwana, koma dzinalo udzatsala nalo iwe ndi mwana wako."

"Apite tsiku lake likakwana, osati ndi mbaula ya a Fanesi."

M'mawa mwake ankhoswe a mbali zonse anakhala pakhonde, ine pamphasa, miyendo nditatambasula, maso pansi. Ndinati ndinalakwa. Anati nditchule munthu. Ndinatchula dzina la munthu amene sanabadwe, ndinamupatsa ntchito yoyendetsa thiraki, ndinamupatsa dziko la Zimbabwe kuti asakamufune. Anafunsa kangati. Ndinati kawiri, chifukwa kamodzi sakanakhulupirira. Nkhope ya alamu inawala ngati ya munthu amene wapeza mbuzi yake yosowa. Mizu inali itanyikidwa kale m'chikho, anthuwo ankangodikira pakamwa panga. Anandipatsa mchere kuti ndithire ndi dzanja langa, ndinamwako, mankhwala otsalawo anati ndikawamwetse ndekha amuna anga.

Nditalowa, chikho ndinangowagunditsa pamilomo. Mbaula ndinaitulutsa n'kuikhutula pabwalo, thumba la pawindo ndinalizula ndi misomali yomwe. Ndinawadzutsa, n'kuwatsamiritsa pamapilo a adona, n'kuyamba kumenya pamsana. Zimene zinatuluka m'chifuwamo sindingamufotokozere munthu akudya. Palibe ananditsekereza, poti tsopano ndinali nditayeretsedwa. Masana omwewo ndinapeza galimoto mpaka kuchipatala cha ku Nguludi. Anawaika pampweya, anawapatsa mankhwala otsitsa madzi m'thupi, ndipo patatha sabata ndi theka mapazi anaphwa, milomo inabwerera mtundu wake. Potuluka alamu sanakanenso kuti ndipite nawo kwathu. Anati mlandu watha.

Unatha kwa iwo, kwa ine m'pamene unayambira. Kuchokera ku Ndunde mpaka ku Mbombwe nkhani inali imodzi: mwaona, mkazi wangoulula, munthu wadzuka. Akulu a mpingo aja amene sakhulupirira za tsempho anakhulupirira za dalaivala wa ku Zimbabwe, anandiimitsa pa mgonero, ndipo yunifolomu yanga ya gulu la amayi a mpingo ili m'sutikesi mpaka lero. Pamjigo ndikafika nkhani imaduka. Azimayi amene ana awo aakazi akufuna kupita ku Joni amatchula ine powaletsa. Tadala, amene tsopano ndi namwali, amandithandiza kuchapa zofunda za bambo ake, koma m'maso sandiyang'ana.

Matendawo sanapite kulikonse, fumbi lili momwemo. Ndimaphikira kuseri kwa khola, kumene mphepo imapititsa utsi kumunda. Ndisanasese ndimawaza madzi. Ndinadana ndi aneba chifukwa chowaletsa kutentha zinyalala, ndipo amati hule la ku Joni layamba kulamula mudzi. Chakudya ndimawapatsa pang'onopang'ono kasanu patsiku, chifukwa mimba ikadzaza mpweya umasowa pokhala. Tsiku labwino amayenda kuchoka pakhonde kufika pamtengo wa mango, apume, abwerere. Tsiku loipa ngakhale kuvala malaya ndi ulendo. Alamu amabwera mwezi ndi mwezi ndi nthochi, n'kumandiyamikira kuti ndinachita bwino kudzichepetsa. Nthochizo ndimalandira ndi manja awiri, mumtima ndikutukwana.

Zonsezi ndinkapirira chifukwa ndinali ndi chinthu chimodzi chondigwira mtima: mwiniwake akudziwa. Anali nane mumkhukhu, fumbi analimeza yekha, mawu a dokotala anawamva ndi makutu ake. Sitinakambepo nkhaniyi, ine ndinkati palibe chokamba. Koma tsiku lina masana, nditawaweramitsa patebulo pakhonde ndikumenya pamsana, anadutsa mayi wina amene kale tinkaimba limodzi. Anapereka moni kwa iwo okha, ine n'kundidumpha ngati chitsa. Zinandipweteka kuposa masiku onse, ndipo ndinalankhula.

"Abambo a Tadala, inu mukudziwa kuti kunalibe munthu, eti? Ndinangopeka kuti andilole kulowa."

Anakoka mpweya m'mphuno. Mawu awo masiku ano amatuluka awiriawiri, atatuatatu.

"Musavutike, make Tadala. Ndinakhululuka kale."

"Mukhululuke chani? Ndikuti kunalibe."

"Zaka zitatu... muli nokha... dziko la eni. Ndinu munthu."

"Dokotala uja simunamumve? Sanati ndi fumbi?"

"Fumbi linalipo, sindikukana." Anapuma. "Koma ine ndinali nditapita. Munanena mawu aja m'mawa... madzulo ndikupuma. Nanga ndinadzuka bwanji?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwawerengere mbaula, windo, mapilo, galimoto ya ku Nguludi. Koma chifuwa chinawagwira, misempha ya m'khosi inatuluka, ndipo munthu wa mpweya wowerengeka sukangana naye, ukapambana mkangano umuika m'manda. Ndinameza mawu anga. Ndinapinda dzanja n'kupitiriza kumenya pamsana, ndipo ndisaname, tsiku limenelo ndinamenya mwamphamvu kuposa mmene pafunikira. Atalavula m'kachitini anatembenuka, m'maso muli misozi ya chifuwa, n'kundigwira dzanja.

"Zikomo, make Tadala. Lero mwamenya bwino."